Kuthawa Pemphero la kwa Agogo

Lolemba, 22 Disembala

Mvula yangosiya kumene. Madontho akugwabe kuchokera pamalata kulowa m'ndowa. Achule m'ngalande, wogulitsa bowa akufuula mumsewu, njinga yamoto ya atate ake Dalitso, aneba athu, ikutsokomola koma osalira. Komboni yathu ya Nabvutika yonse matope okhaokha.

Apita! Atate, amayi ndi mlongo wanga Tikambenji akwera minibasi ya ku Madzimoyo, kwa agogo. Abwera Lamlungu. Ine ndatsala kulonda nyumba. Ndinadzipereka ndekha, amayi mpaka kundisisita mutu.

Zoona zake nazi, poti bukuli saliwerenga munthu. Agogo aamuna, mphunzitsi wakale, ali ndi mwambo wawo: tsiku la Khirisimasi mdzukulu mmodzi amaimirira pamaso pa banja lonse n'kutsogolera pemphero, mokweza, wopanda pepala. Amatsata misinkhu. Chaka chino ndi ine. Ine amene akanditchula m'kalasi lilime limauma gwa. Anthu 23, asuweni akutsinana kumbuyo. Toto.

Pulani ya sabata ino:
1. Osatsegula pakamwa pagulu mpaka Lamlungu.
2. Kuwerenga sayansi, giredi 12 ili pakhomo.
3. Mango.

Amayi asiya lamulo limodzi lokha: mapemphero a madzulo asadumphe. Pakhomo pano 17 koloko ikakwana timamenya khasu lakale lopachikidwa pamtengo wa mango, onse n'kusonkhana pakhonde. Akuti ndichite zonse monga mwa masiku onse. Ndamenya khasu katatu. Vesi mumtima, pemphero mumtima, ameni mumtima. Mphindi ziwiri basi. Moyo ndi umenewu!

Lachiwiri, 23 Disembala

Mango asanu. Sayansi masamba anayi. Sindinalankhule ndi munthu kuyambira m'mawa, kupatula nkhuku.

17 koloko. Khasu. Ndisanakhale n'komwe, kageti kakulira. Amake Dalitso, atamanga chitenje cha kutchalitchi, Dalitso pambuyo atanyamula kampando. Akuti dzulo atamva khasulo mtima unawawawa, mwana kudziitana yekha kumapemphero ngati wamasiye. Sangalole zimenezo iwo ali moyo.

Akhala. Atseka maso. Akudikira.

Inenso ndatseka maso. Ndikudikira.

Dalitso watsegula diso limodzi.

Nzeru yabwera mochedwa koma yabwera: ndanong'ona kuti atitsogolere iwo, ndiwo aakulu. Avomera msanga. M'pempheromo ndatchulidwa katatu, dzina langa latsopano ndi "mwana wosiyidwayu". Andisiyira mbale ya bowa. Ndapulumuka, ndipo bowa ndi wokoma.

Lachitatu, 24 Disembala

Vuto ndi khasu. Likapanda kulira, palibe wobwera. Lero silimenyedwa.

17 koloko: zii. Ndili m'nyumba, makatani otseka.

Patapita mphindi zisanu, foni. Amayi. Amake Dalitso awaimbira kufunsa ngati ndadwala, poti khasu silinamveke. Amayi akufuna kulimva okha pafoni pomwepo. Ndatuluka, ndamenya, foni ili m'mwamba.

Abwera:
amake Dalitso
Dalitso ndi abale ake aang'ono, mapasa
azimayi awiri a ku kwaya, sindidziwa anawauza ndani
a Zulu a kuseri kwa nyumba, kalaliki wopuma, ndi ndodo yawo

Nzeru ya dzulo yagwiranso ntchito, atsogolera a Zulu. Ayambira pa Adamu. Pamene amafika ku Betelehemu mapasa anali atagona, nkhuku zitalowa zokha m'khola. Ine mtima uli m'malo: bola a Zulu alipo, ine sindidzafunika.

Potsazikana a Zulu agogoda ndodo pansi n'kunena kuti, "Mawa mnyamata, ndi tsiku lalikulu. Ife ndife alendo. Atsogolere ndi mwini khomo."

Ndawakumbutsa motsitsa mawu kuti mwini khomo ali ku Madzimoyo. Andifunsa kuti makiyi ali ndi ndani.

Ali m'thumba mwanga.

Lachinayi, 25 Disembala

M'mamawa ndamasula khasu pamtengo, ndalibisa pansi pa bedi. Amayi akafunsa ndinena kuti waya unaduka.

Kutchalitchi ndakhala benchi lomaliza, ndatuluka nyimbo yomaliza isanathe, ndadzera njira ya kumsika kuti ndisakumane ndi munthu. Ndafika, pakhonde pali kale mphasa. Khasu silinafunike. Akuti mwana sadya Khirisimasi yekha, ndiye aliyense wabweretsa mphika wake kuno: mpunga, nkhuku, kabichi, mabanzi, thobwa m'chigubu. Ana avala zovala zatsopano zopindikabe mizere ya m'sitolo.

Ndawerenga mitu kawiri. 31. Kwa agogo akanakhala 23, onse achibale. Pano palinso Misozi wa m'kalasi mwathu, kani mayi wina wa ku kwaya uja ndi azakhali ake.

Miphika yavundukulidwa. A Zulu akweza dzanja, onse chete. Ndaimirira. Ndatseka maso.

Ndayamba bwino: tikuthokoza chifukwa cha Mwana wobadwa lero. Kenaka m'mutu mwayera. Palibe vesi, palibe nyimbo, ngakhale Adamu wa a Zulu wandithawa. Chotsala m'mutumo ndi zokhazo zimene ndimaona pawindo ndikamanamizira kuwerenga. Ndiye ndapempherera zomwezo.

Bondo la a Zulu, limene amabisa akaona anthu koma amalikoka akakhala okha. Njinga yamoto ya atate ake Dalitso, kuti ilire kamodzi kokha m'mawa. Denga la amake Chisomo, aneba athu ena, lodontha pakona pamene anaikapo mwala. Mapasa, kuti asiye kudya dothi kuseri kwa bafa. Pakamwa pathamanga pokha, sindikutha kupaimitsa. Ndapempherera ndi mbuzi ya a Zulu, kuti Ambuye aikhululukire chifukwa cha repu wa m'dimba la amake Dalitso amene inadya Lachisanu lapita.

Wina watsamwa. Amake Dalitso akhala sabata yonse akunamizira nkhuku za amake Chisomo.

Ndati ameni mothamanga. Ameni wobwerera ndi wamkulu, mwina chifukwa mpunga unali usanazizire. Amake Dalitso apita kukagwira dzanja la amake Chisomo, kenaka atembenukira a Zulu, amene ayamba kuyang'ana mitambo mwachidwi. Mapeto ake a Zulu alonjeza chingwe chatsopano cha mbuzi, apatsidwa ntchafu ya nkhuku, nkhani yatha.

Misozi podutsa ndi mbale wangoti, "Kani umalankhula?"

Sindinafe. Ndadya mbale ziwiri. Zatha. ZATHA!

Lachisanu, 26 Disembala

Ndagona ngati mwala. Thupi lapepuka, ndaimba posamba. Khasu ndalibwezera pamtengo, kulibisa kulibenso phindu.

Njinga ya atate ake Dalitso yalira kamodzi kokha m'mawa uno. Anasintha pulagi dzulo, ndinawaona ndi maso anga. Koma akazi awo auza kale mzere wonse wa pampopi nkhani ina.

Zopempha zimene zafika isanakwane 12 koloko:
mayeso a mwana wa amake Chisomo
dzino la munthu amene sindimudziwa
mvula ichepe (wouma njerwa)
mvula isasiye (azimayi a minda)

Awiri omalizawa ndiwasiyira Mwini wake.

Chinanso: aneba atatu aika makatani kumawindo oyang'ana kwathu.

Madzulo anthu 14. Ndatsogolera, mawu akugwedera pang'ono chabe. Ziweto sindinatchule.

Loweruka, 27 Disembala

Chimvula kuyambira masana. Ndasangalala, lero sabwera munthu. Ndakolopa, ndatsuka mbale za eni ake zimene sindikudziwa yake ndi iti, ndatsegula sayansi. Ndikadali pa tsamba lachinayi lomwe lija.

17 koloko ndamenya khasu mofewa, ndi chala.

Abwera asanu ndi atatu, ena pansi pa maambulera, ena atafunda matumba a feteleza. A Zulu akuti ndili ndi mphatso koma ndimafupikitsa. Adzandiphunzitsa kuyambira pa Adamu.

Lamlungu, 28 Disembala

Nyumba yoyera, nkhuku zonse zilipo, mapemphero sanadumphe tsiku ndi limodzi lomwe. Pulani yanga yatsala nambala 3 yokha. Koma lero atate atenga malo awo pakhonde, ine ndibwerera pakona panga pafupi ndi ndowa. Palibe chimene ndikufuna kuposa pamenepo.

Amayi aimba ali m'njira. Zonse anamva kale Lachinayi lomwelo, mpaka za mbuzi. Amake Dalitso anawafotokozera pafoni ili pa sipika, banja lonse lili pamphasa. Ndafunsa kuti ku Madzimoyo anatsogolera ndani. Akuti palibe mdzukulu, agogo anakana kudumpha mzere. Malo anga akundidikira.

Minibasi yawatsitsa 16 koloko. Abwera atate ndi thumba la mbatata, amayi ndi nkhuku yomanga miyendo, Tikambenji akuseka asanalowe n'komwe pageti. Womaliza kutsika ndi agogo aamuna, atavala jekete, Baibulo kukhwapa. Akhala kale pakhonde, akuyang'ana wotchi.