Mandimu, Mapapaya ndi Udzudzu Wanga

Lolemba
Sabata yachitatu ndili ndekha kuno ku Mbamba Bay, ku Tanzania. Mayi a Tadala akadali kwa mkulu wawo kumapiri ku Mbinga, komwe anathawitsira mwana wathuyo atadwala malungo kachiwiri. Pafoni akuti, "Tibwera Lamulungu, koma udzudzuwo mukhale mutathana nawo." Neti ilipo, koma Tadala amagubuduka kutulo, m'mawa timamupeza ali kunja kwake. Mnzanga wina koyanika usipa akuti udzudzu umadana ndi mandimu ndi masamba a papaya. Basi, nkhondo yayambika.

Lachiwiri
Zida zanga:
makoko a mandimu, thumba lodzaza
masamba a papaya, othyola pamtengo wa Mama Neema, eni nyumba, iwo ali kumsika
masamba a gwafa, omwe palibe wandiuza, koma ndangowakhulupirira
mtondo ndi mabeseni anayi
Ndikusinja, ndikunyika m'madzi. Mabeseni ndawaika kuzungulira nyumba. Ndikungozindikira kuti ndikufotokozera nkhuku mmene mankhwalawa amagwirira ntchito, ndipo nayonso yachoka ndisanamalize.

Lachitatu
Ndikuwaza makoma ndi tsache, zotsala ndikudzola thupi lonse. Mama Neema aima patali atatseka mphuno, akunditchula neba m'Chiswahili chawo: "Jirani, chafera m'nyumbamo n'chiyani?" Madzulo udzudzu wafika pa nthawi yake. Watera pamwendo, penipeni pomwe ndadzola kwambiri.

Lachinayi
Mwina mankhwala achepa mphamvu. Ndikuwonjezera mapapaya akupsa. Pofika masana mabeseni akuchita thovu, ntchentche za Mbamba Bay yense zili kwanga. Asodzi awiri alowa pabwalo ndi makapu, akuyesa ndafulula mowa. Alendo oyamba chichokereni banja langa! Ndawapatsa mipando, ndateleka tiyi. Atamva kuti ndi mankhwala a udzudzu, angoti pole, pepani wa m'Chiswahili, n'kunyamuka. Tiyi ndikumwa ndekha, makapu atatu.

Lachisanu
Mvula kuyambira m'mawa. Mabeseni adzaza mpaka kusefukira, mankhwala asanduka madzi wamba. Khungu likuyabwa, sindikudziwa ngati ndi udzudzu kapena mandimu. Tadala pafoni: "Adadi, mwaupha?" Ndati watsala pang'ono. Kunamiza mwana wa zaka zinayi n'kosavuta, ndipo n'chifukwa chake kumawawa.

Loweruka
M'mabeseni onse anayi muli timphutsi tovinavina, tonenepa bwino. Mama Neema asuzumira n'kuseka mpaka kukhala pansi. Akuti anthu ena amaweta nkhuku, Mmalawi wawo akuweta udzudzu. Ndakhuthula zonse kuseri, koma nthaka yakhuta mvula, madzi angoima pansi pa windo lakuchipinda. Ndikukwirira ndi mchenga mpaka msana kukana. Ndawasowa anthu anga, ndipo palibe woti ndimuuze.

Lamulungu
Ndasesa, ndachapa zofunda za Tadala, ndagula chambo chachikulu. Ndikuwerenga zilonda pamkono umodzi, ndalekera panjira. Kuseri kwa chitseko udzudzu wangoti bii, ukudikira.

Foni ikulira. Mayi a Tadala akuti, "Tili pasiteji, basi yatsala pang'ono kudzaza. Tikwere?" Chapansipansi ndikumumva Tadala akuimba. Chichokereni kuno thupi lake silinatenthepo.

Ndayang'ana chitseko chija. Ndati, "Musakwere."

Akuti, "Mwachita bwino kunena."

Chambo ndachidula patatu, ndadya chidutswa chimodzi.