Ndinawazindikira ndi Patapata

Mpaka lero ndikadutsa pasikelo pamene amayezera masamba a tiyi, amayi amayamba kukodolana n'kumaseka. Sindiwadandaula. Ndikanakhala iwo, nanenso ndikanaseka.

Nthawi ya korona ija ndinkagwira ntchito yolandira odwala pakachipatala ka mano ka pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Mliri utavuta, adokotala anandiitana. "Onse amene tinawapatsa masiku uwaimbire foni, asabwere kaye. Tizilandira okhawo otupa kapena otuluka magazi." Abale inu, udindo umakoma! Anandiikira tebulo pakhonde, chidebe chosambira m'manja, ndi kamfuti kaja koyezera kutentha kwa thupi. Akapitawo amene amanjenjemeretsa anthu m'minda ankandiyankha pafoni kuti "chabwino bwana". (Kolala ya shati ndinayamba kuiimika.)

Vuto linali limodzi. Mwa anthu oyenera kubwezedwa munali apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga Esinati. Ine ndine mkamwini, nyumba ndinamanga pamalo pawo ku Khwethemule, ndipo ukwati unali usanathe chaka. Kwathu kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi aakazi. Mukakumana panjira umapatuka, maso pansi, ndipo ukafuna kuwauza kanthu umatuma mkazi wako. Ndiye nkhope yawo ndinkangoidziwa mwapatalipatali, koma mapazi awo ndinkawadziwa bwino kwambiri. Kuwaimbira foni sikukanatheka. Ndinatuma Esinati. Iye anangoti "ndiwauza", n'kubereka dengu lake kukathyola tiyi, n'kuiwala.

Lachinayi m'mawa pabenchi panali anthu angapo. Kunatulukira mayi wina atavala masiki, duku mpaka m'zikope, chitenje atakulunga m'masaya. Anaima kutali, patsinde pa bulugama, akuyang'ana kumbali.

"Ehee! Mwaona?" ndinauza a pabenchi. "Mayi awa ndiye akudziwa malamulo a boma. Kutalikirana kwake n'kumeneku, osati inu mwathithikana ngati matumba a feteleza."

Wina anatsokomola pobisa kuseka. Ndinamuponyera diso laukali (kutsokomola masiku amenewo unali mlandu).

"Mayi, uthenga simunalandire? Masiku onse tinaimitsa. Bwererani kunyumba."

Mayiwo anakodola mnzawo wa pabenchi n'kumunong'oneza. Mnzawoyo n'kuti, "Akuti ndiwauze abambowo kuti tsaya latupa."

"Abambo ake ati? Si ndili pompano ine? Pakamwa ali napo, ayankhule okha!"

Ndinanyamuka, kamfuti kali m'manja. Ine kusendera, iwo kubwerera m'mbuyo. Ine kusenderanso, iwo kubwereranso, mpaka msana unagunda mtengo. Ndinawaloza pachipumi, kamfuti n'kulira kuti tii.

"Thupi silikutentha. Tsopano tsitsani masiki, yasamulani ndione." (Kuyang'ana m'kamwa sinali ntchito yanga n'komwe. Ubwana unali utangondikwera kumutu.)

Anatsitsa masiki pang'onopang'ono, n'kutsinzina, n'kuyasamula. Ine n'kusuzumiramo ndithu ngati ndikudziwapo kanthu. Apo cholembera chinandipulumuka. Nditawerama kuti nditole, ndinaona patapata zachikasu, lamba wa kumanzere atamangidwa ndi waya. Waya ameneyo ndinamanga ndine, tsiku limene Esinati anandibweretsera patapata za mayi ake kuti ndikonze.

Mayo ine! Thukuta linatuluka ngakhale m'makutu. Ndili chogwada pomwepo, benchi yonse inaphulika nako kuseka. Kenaka miyendo inaganiza yokha, ndinapezeka ndikuthawira m'munda wa tiyi. Tsoka lake, tiyi amalekeza m'chiuno. Ndinanjuta pakati pa mizere, koma chikhoti changa choyera chinkaonekera kutali, moti amayi othyola masamba anasiya ntchito n'kumafunsana kuti a kuchipatala atayako chiyani.

Adokotala atamva phokoso anatuluka. Atangoona tsayalo anawalowetsa pompo. Dzino linali litachita mafinya, ndipo ananena kuti akanabwerera kunyumba zinthu zikanaipa. Analizula tsiku lomwelo. Kuiwala kwa Esinati ndiye kunawapulumutsa, ine ndi kamfuti kanga tikanawapweteka.

Poweruka ndinayenda ngati ndikupita kubwalo la milandu. Mkamwini wosuzumira m'kamwa mwa apongozi, kuwaloza ndi mfuti pamaso pa anthu, angakhalenso pamudzi? Mumtima ndinali nditamanga kale bulangeti ndi wailesi panjinga. Ndinapeza Esinati akugubuduzika pamkeka, misozi ili chuchuchu ndi kuseka. Ndisanakhale pansi, kuseri kwa mpanda kunamveka mawu olemera a apongozi, thonje likadali m'kamwa.

"Esinati, uwauze amuna akowo kuti mutu wapepuka, ndathokoza. Chinangwa chowotcha ichi sindingatafune, adye iwo. Uwauzenso kuti lamba wa kumanja nayenso wayamba kuduka. Popeza amandizindikira ndi patapata, akonze bwino, angadzandibwezenso."

Chinangwa chimene chija ndinachidya ndi manyazi, koma kunena zoona sindinadyepo chokoma chotero. Mtima unakhala pansi, ndinasangalala ngati mwana. Kutha kwa mwezi ndinawagulira patapata zatsopano, zofiira kuti psuu, zoti ungazione ngakhale uli ku Bvumbwe.

Mliri unatha, masiki tinataya, koma mpaka pano wodwala akafika ndimayamba ndayang'ana kumapazi ndisanatsegule pakamwa. Adokotala amati ndaphunzira ulemu. Sadziwa kuti ndimakhala ndikufufuza patapata zofiira. Tsiku limene apongozi adzabwere atavala nsapato, mudzandipempherere.