Bokosi la Aphunzitsi a Whiteson

Ndinali pamphasa ndikusenda mtedza pamene Ketilina, mnansi wanga, analowa pabwalo ali wefuwefu.

"Amake Luka, mwana wanu amutenga asikali a boma. Waba mabuku."

Mabuku. Anzake amaba mbuzi, chinthu chodyeka.

Luka ndi ndevu zake zonse ndiye mwamuna yekha pakhomo pano, ndipo theka la munda wa mtedza linali lisanakumbidwe. Akamutsekera, wokumba palibe.

Nkhani yake inayambira pamowa. Analipo atatu: Andireya, amene amamutcha Sajeni chifukwa anabwera kunkhondo ndi nsapato, Yakobo Chigubu wosakhuta mowa, ndi wangayu, Kalaliki, poti anafika sitandade thuu. Sajeni anati anaona lole ikutsitsa bokosi pasitolo ya a Majid ku Foti Jemusoni, amuna anayi akubuula nalo. Nzeru yake inali imodzi: cholemera n'chodula.

"Madoda, mmenemo muli mawotchi. Tikagwira ameneyu, khasu tasiyana nalo."

Lachisanu masana a Majid ali kumzikiti, akatswiri athu analowera kuseri, nalikoleka bokosi pamtengo ngati nkhumba. Chigubu anagwa nalo kawiri. Atafika kudambo anatsegula ndi nkhwangwa.

Mapepala okhaokha. Buku lina lofotokoza chifukwa chimene nyenyezi sizigwera pansi, lina la zaka za dziko, lina la moyo wa mzungu wamkazi wa m'makanema a bayisikopo, nsidze zometa. Chigubu anang'amba chithunzi cha mayiyo n'kuika m'chipewa, ati wapeza mbeta.

Anthu anzeru akanataya zonse mumtsinje n'kumapita kwawo. Koma Kalaliki wanga anatsegula buku, naloza chithunzi cha mpira, n'kulengeza kuti dziko n'lozungulira ndipo limayenda. Sajeni anavomera, ati anaziona ali pasitima yapamadzi. Chigubu anakana kwamtuwagalu.

"Likanamayenda bwenzi mowa ukutayika m'chipanda. Ine ndamwa zaka khumi, sunatayikepo."

Anakangana mpaka kugwirana malaya. Ndiye monga mwa chizolowezi cha kuno, mkangano ukakula amapita nawo kwa munthu wophunzira. Ananyamula bukulo atatu onse, ulendo kwa aphunzitsi a Whiteson.

Mabukuwo anaitanitsa ndi a Whiteson omwewo. Anali atawadikira miyezi isanu.

Akuti aphunzitsi anawalandira bwino, kuwapatsa mipando, n'kutuma akazi awo kuboma mwakachetechete. Kenaka anatenga lalanje ndi nyali nayamba kuphunzitsa, pang'onopang'ono, mbava zitakhala chete manja pamaondo. Chigubu anavula chipewa mwaulemu, mzungu uja n'kugwera pamapazi pa mwini wake. Asikali atafika, Sajeni anawapempha kuti adikire kaye, phunziro lithe.

Kubwalo la milandu anawapatsa miyezi itatu ya ndende aliyense. Ndinapita kukamuona Luka nditatenga mbatata yootcha. Ndinamuuza kuti chiswe chayamba mtedza. Iye anagwira waya, maso ali gwa.

"Amayi, mukudziwa kuti panopa tikuyenda? Aphunzitsi atsimikiza."

"Iwe sukuyenda kulikonse," ndinatero. "Idya mbatata."

Nditabwerera ndinakhala pamphasa pomwe paja. Nkhuku zinali zitadyako mtedza, ndipo dengu linali lisanafike ndi pakati pomwe.