Mwana Wathu wa ku Zomba

Pali manyazi ena oti ukawakumbukira uli pa njinga, phazi limaphonya pedulo. Anga ndi awa. Mukamaseka musekere pansi, chifukwa ambiri amene anaona zimenezi akadali moyo.

Ndinali nditangofika kumene pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Milepa, zaka zija masukulu oterewa ankaphuka ngati bowa. Chaka chilichonse abwana a zamaphunziro ankaitanitsa masukulu onse ku boma kuti iliyonse inene ana amene apita ku koleji ndi amene apeza ntchito. Yathu inalibe chonena. Ahedi athu, a Namacha, chaka chapitacho anaimitsidwa pamaso pa anzawo ngati mwana wochedwa ku asembule.

"Ulendo uno mupita ndinu, a Chimwala," anandiuza. "Ine BP yanga siingalole. Komanso abwana anati sukulu yosabala zipatso, aphunzitsi ake awamwaza."

Transifa ndiye ndinkaiopa koopsa. Mkazi wanga anali woyembekezera, ndipo kanyumba tinapeza kanali pafupi ndi chipatala.

Ndiye ndikaweruka ndinkakwera njinga n'kumazungulira m'midzi, kufunsa za ana amene anamaliza fomu folo zaka za m'mbuyo. Mayankho ake anali ofoola. Uyu akugulitsa tomato ku Limbe. Uyu anakwatiwa. Uyu ali pakhomo pompano, mwina mumufuna?

Cha ku Nchema ndinapeza mayi wina akusenda nandolo pakhonde. Anali mayi ake a Daisoni, mnyamata amene aphunzitsi akale ankamutchula kuti anali ndi mutu.

"Daisoni ali kuti masiku ano, mayi?"

Anayang'ana m'lichero. "Ali ku Zomba."

Mphunzitsi akamva Zomba, maganizo amathamangira ku yunivesite.

"Anapita bwanji?"

"Boma linamutenga, aphunzitsi."

"Zaka zingati?"

"Anati zinayi. Chino n'chomaliza."

"Kudya, kugona, zonse komweko?"

"Zonse n'zaboma."

"Nanga akuphunzirako chiyani?"

Anapumira m'mwamba. "Akuti akumuphunzitsa ntchito. Koma zamalamulozi ine sindizitsata."

Malamulo. Loya wathunthu, wochokera pa sukulu yathu yopanda mawindo. Ndinawagwira dzanja mayi aja ndi manja awiri.

"Mayi, muziyenda mutadzutsa mutu. Mwana wanu watichotsa manyazi."

"Mulungu ndiye adziwa," anatero. Ine mumtima ndinati, taonani kudzichepetsa kwa anthu akumudzi.

Ahedi atamva anakanda m'mutu. "Daisoni? Mayina a opita ku yunivesite amatuluka pa wailesi. Lake sindinalimve."

"Anapita ku Limbe atamaliza kuno. Ayenera kuti anakalembanso mayeso kumeneko."

"Zikhoza kutheka," anatero pang'onopang'ono. Nawonso ankafuna kuti zitheke.

Tsiku la msonkhano ndinavala tayi yobwereka. Anzathu a masukulu a mishoni ankatchula ana awo ngati akuwerenga nkhuku za m'khola. Atatchula sukulu yathu, ena anayamba kale kumwetulira. Ndinaimirira.

"Ife tili ndi mmodzi ku Zomba. Chaka chomaliza. Zamalamulo."

Anthu muholo anaomba m'manja. Abwana anavula magalasi.

"Imeneyi ndiye progress," anatero. "Mnyamatayo akamaliza mumuitane adzalankhule ndi ana. Ine ndidzabwera ndekha."

Ndinabwerera ndikuimba mluzu, koma pofika kunyumba mluzu unali utauma. Nanga loya akakana kubwera ku sukulu ya fumbi? Nanga akadzalankhula Chingerezi choti ngakhale ine osachimva? Miyezi imeneyo ndinaonda kuposa mkazi wanga amene ankasanza.

Nditamva kuti Daisoni wabwera kumudzi, ndinatuma uthenga kuti adzauze ana za kumene anali. Anayankha kuti abwera.

Tsikulo tinasesa mpaka kuseri kwa zimbudzi. Ana anakhala pansi pa mitengo ya mango, makolo m'mbali, abwana pa tebulo la nsalu yoyera. Daisoni anafika wapansi. Anali woonda, wometa mpala, malaya oyera koma opanda tayi. Ndinati ndi mmene amaonekera anthu owerenga kwambiri.

Anandikokera pambali. "Aphunzitsi, mukutsimikiza kuti ndinene zonse?"

"Zonse, achimwene. Musabise kanthu. Anawa akufunika kumva."

"Pamaso pa abwanawa?"

"Abwera chifukwa cha inu."

Anagwedeza mutu.

Ndinaimirira kuti ndimulandire, ndipo pakamwa panga panatseguka ngati mpopi. Ndinati Daisoni ndi nyali ya dera lino. Ndinati njira ya ku Zomba waitsegula, chatsala n'kuti ena adutsemo. Ndinaloza ana a fomu folo.

"Ndikulonjeza pamaso pa abwana kuti chaka chamawa sukulu ino itumiza ana khumi kumene kwachokera Daisoni."

Ana anaomba m'manja. Kumbali ya makolo, bambo wina anavula chipewa n'kubisamo nkhope.

Daisoni anaima manja ali kumbuyo.

"Anzanga," anayamba motsitsa mawu, "ku Zomba si malo oti munthu uziwalakalaka."

Ndinaseka ndekha. "Akunena kuti maphunziro ake ndi ovuta," ndinawanong'oneza abwana.

"Tinkagona anthu ambiri chipinda chimodzi, moti kutembenuka kunali kopangana. Chakudya kamodzi patsiku."

"Mavuto a ma hostel," ndinanong'onezanso, koma mawu anatuluka opyapyala.

Mtsikana wina wa fomu folo, amene ankakhala nambala wani m'kalasi mwanga, anakweza dzanja. "Achimwene, munakhoza mapointi angati kuti akutengeni?"

Daisoni anamuyang'ana modabwa. "Kumene kuja safunsa mapointi, chemwali. Ine anangondipeza ndi matayala a galimoto ya eni ake ku Limbe."

Ndinamva ngati mpando wachoka pansi panga, chonsecho ndinali chiimire.

"Nanga zamalamulo zija?" anafunsa abwana, mawu ali ozizira.

"Malamulo ndinakumana nawo tsiku limodzi lokha, bwana, kukhoti. Kundende ndaphunzira ukalipentala. Panopa ndikukhoma zitseko ndi mabenchi, ndipo kuba ndinasiya. Anzanganu limbikirani sukulu, musadzaone zimene ndaona ine."

Kunena zoona, mnyamatayo analankhula bwino kuposa ine. Makolo anamuombera m'manja, mayi ake akupukuta misozi ndi chitenje. Koma ana anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, maso onse ali pa ine. Ahedi ndinawaona akulowera kuseri kwa ofesi, akuyenda ngati munthu wopita kukamwa mankhwala.

Ndinakhala pansi pang'onopang'ono. M'mutu ndinali nditayamba kale kumanga katundu, kuganiza kuti mkazi wanga ndikamuuza bwanji, ndiponso kuti kumene atiponyereko kukapezeka mzamba kapena ayi.

Abwana anapukuta magalasi awo mosafulumira, n'kuwavala. Kenako anaweramira kwa ine.

"A Chimwala."

"Bwana."

"Ana khumi mwalonjeza aja, apolisi mwawadziwitsa kale, kapena tiwauze ndife?"

Transifa sinabwere. Abwana anati nkhani yokoma chonchi siyofunika kuitumiza kutali, ndipo anaifotokoza pa msonkhano uliwonse mpaka anapuma pa ntchito.

Ku Zomba kuli mageti ambiri, abale anga. Musanamuombere munthu m'manja, yambani mwafunsa kuti analowera geti liti.