Batani la Chigongono

Inu, sunthani pang'ono ndikhale, ndikuuzeni mmene tabuleti inatsala pang'ono kundimanitsa mkazi.

Mayi a chibwenzi changa ali ndi bekale. Ine ntchito yanga ndi yopanga mapulogalamu a pa foni, ndipo kwa iwo umenewo ndi ulesi wovala taye. Tsiku lina ndinawamva akufunsa mwana wawo kuti, "Kodi mnzakoyu amagwira ntchito, kapena amangosisita galasi?" Zinandiwawa, abale! Ndinalumbira kuti ndiwapangira chinthu choti akachiona adzandipatsa mwanayo osatsokomola n'komwe.

Milungu itatu ndinali m'chipinda, chitseko chitsekere. Ku bekale sindinapondeko. Ndikataniko? Buledi ndimamudziwa, ndakhala ndikudya chibadwire. Ndinapanga pulogalamu yolembera maoda ndi yowerengera nthawi ya uvuni, timabatani makumi awiri tokongola. Kafukufuku ndinachita ndithu: ndinaonetsa anzanga awiri a ku ofesi, onse anati ndine dolo.

Lolemba ndinakakhoma tabuleti pafupi ndi uvuni. Mkulu wa ophika, bambo amene onse amawatchula kuti a Ndevu, anaiyang'ana ngati mlendo wofika nthawi ya chakudya.

"Mwaiona bwanji, a Ndevu?"

"Ili bwino, a Kompyuta."

"Palibe vuto?"

"Aaa, vuto lichokera kuti?"

Ndinachoka ndikuimba mluzu. Lachitatu pobwerera ndinapeza sikirini yonse itamatidwa ufa wokanda, utauma gwa. Anthu aja manja awo amakhala mu ufa kuyambira m'mawa, ndipo chala cha a Ndevu chikafuna batani limodzi chimagunda atatu. Oda ya mabanzi makumi asanu inatuluka mazana asanu. Msewu wonse unadya mabanzi aulere masiku awiri.

"Bwanji simunandiuze?"

"Munatchena kwambiri tsiku lija. Tinaopa kukukhumudwitsani."

Munthu wanzeru akanakhala pansi n'kufunsa. Ine ayi. Ndinati basi, manja asiyeni, muzingoiuza ndi pakamwa. Tamverani, sindinadziwe kuti makina osakanizira ufa amalira ngati chigayo. A Ndevu anakuwira tabuleti ija mpaka mawu anatha, Lachisanu ankalamula anzawo ndi nsidze.

Koma chachikulu chinali nthawi ya uvuni. Ine ndinawerenga pa intaneti kuti buledi amapsa pa mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndipo ndinalemba pa sikirini kuti OSATSEGULA UVUNI BELU LISANALIRE. Kumeneko uvuni wa Mayi ndi nkhalamba, kumanzere umatentha mwaukali, kumanja umangofunda. A Ndevu akamva kafungo kenakake amatsegula n'kutembenuza mathireyi. Koma Mayi anali atawauza kuti atsatire makinawo, mnyamata asachite manyazi. Buledi yense wa oda ya sukulu ina anatuluka mbali ina makala, mbali ina phala.

Mayi sanakalipe. Bola akanakalipa! Anangondiyang'ana, ine ndikuona ukwati ukukwera utsi limodzi ndi buledi.

"Bambo, vulani taye."

"Mayi, ndikhoza kukonza, ndi kachinthu kakang'ono..."

"Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Nayi epuloni. Sabata yathunthu muli muno. Kompyuta musaikhudze."

Sabata imeneyo msana unandidziwa. Koma maso anatseguka. Anthu aja zonse amachita ndi chigongono! Chitseko, chigongono. Mpopi, chigongono. Wailesi, chigongono. Ngakhale moni amapatsana ndi chigongono. Maoda amalemba ndi choko pakhoma, ndipo chiyambire sanasokonezepo.

"A Ndevu," ndinafunsa Lachinayi, ufa uli mpaka m'makutu, "kwenikweni chimakuvutani n'chiyani muno?"

"Mwafunsa tsopano? Chimfine, a Kompyuta. Ndikadwala chimfine fungo sindilimva, ndiye mathireyi ndimatembenuza mochedwa. Tikanakhala ndi kotikumbutsa, basi."

Basi, inu! Timabatani tanga makumi awiri tija, anthu ankafuna limodzi. Ndinachotsa tabuleti n'kukhoma batani lofiira lalikulu ngati mbale. Ukalowetsa buledi umaligunda ndi chigongono, nthawi yotembenuza ikakwana belu limalira. Mphindi zake anandiuza ndi a Ndevu, ine ndinangolemba. Lero mukalichotsa batani limenelo, a Ndevu akhoza kunyanyala ntchito.

Mayi analigunda kawiri, n'kumwetulira koyamba chidziwireni. Ndinaona kuti mpata ndi womwewu. Ndinapukuta manja, n'kuwauza zonse: holo ndaipeza, suti ndayesa kale, tsiku ndasankha, ngakhale mtundu wa makatani a kunyumba kwathu.

"Ine ndilibe mawu, bambo, mwandikwanira," anatero Mayi. "Nanga mwini wakeyo anati bwanji mutamufunsa?"

Ndinayang'ana a Ndevu. A Ndevu anayang'ana uvuni.

Ndinakamufunsa madzulo omwewo, nditagwada bwinobwino. Akuti akuganizabe. Ino ndi sabata yachitatu.