Alamu Anga Odula Chingerezi ndi Sizasi

Amene munametedwapo ndi malemu alamu anga mukudziwa kuti sankadula tsitsi lokha, ankadulanso Chingerezi. Kasitomala akangokhala pampando, iwo ankakweza sizasi n'kumulonjera: "Bu-la-za-i-ni-lo." Phatikizo lililonse sizasi inkati khwapu, tsitsi n'kugwa. Akuti ndiye "mlamu" m'Chingerezi, ndipo munthu ankatuluka akudzimva ngati wakwatiradi kwathu.

Ine, amene ndinawapatsa mlongo wanga weniweni, ndinkangouzidwa kuti, "Alamu, khalani apo." Basi. Zinkandiwawa, sindibisa. Woyendetsa minibasi, bulazainilo. Wogulitsa makala, bulazainilo. Ngakhale wongofunsa njira ankachoka ndi ulemu wanga.

Tsiku lina aphunzitsi ena anati awakonze ali pampando.

"Abambo, mawuwa ali ndi maphatikizo anayi okha. Bra-dha-in-lo."

"Anayi?" Alamu anadula kanayi n'kuwachotsa nsalu pakhosi. "Mwatha. Mbali inayo akakumeteni eni chilankhulo."

Aphunzitsi atadziona pagalasi, mutu uli ngati munda wolima theka, anavomera onse asanu ndi limodzi. Nawonso anasanduka bulazainilo ine ndikuonerera. Ndinanyanyala n'kukametetsa kutsidya kwa msewu, komwe anandicheka khutu. Ndinabwerera ndekha, palibe anandinyengerera.

Alamu atagonekedwa m'chipatala ndinakawaona, nsanje ndili nayo yomwe.

"Alamu, ndinakulakwirani chiyani? Aliyense mumamupatsa Chingerezi chija, ine ayi."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Anthu aja mayina awo sindiwadziwa. Ndikamadula mawu aja pang'onopang'ono ndimakhala ndikuganiza kuti kodi ameneyu ndi ndani. Nanga inu ndikuganizireni chiyani?"

Ndinangowakonzera bulangeti. Komabe pamaliro, amuna odzaza mabenchi atayamba kusisima, aliyense akuti wataya bulazainilo wake, mtima unandinyamukanso. Ndinkafuna kuwauza mmodzimmodzi kuti malemu sankamudziwa n'komwe, koma mlongo wanga anandiponda phazi.

Mushopu muja tsopano muli ometa ena. Makina awo amangolira ngati ntchentche, ndipo aliyense dzina lake ndi "wotsatira." Msewu wonse wasowa achibale. Sizasi ija mlongo wanga anandipatsa ine, osati aphunzitsi, ndipo zimenezo ndimauza aliyense. Nthawi zina ndimaima pagalasi n'kudzidulira mawu aja bwinobwino, onse asanu ndi limodzi, koma sakoma. Amene ndimawasowa ndi aafupi aja: "Alamu, khalani apo."