Tsiku Limene Makabudula a Timu Anaima Okha

Mpaka lelo awisi Daliso, amuna anga, akaona chinangwa chonyikidwa m'beseni amayamba kuseka, ndipo ine ndimapeza kantchito kuseli kwa nyumba. Nkhani yake ndi ya mpila. Ine, munthu amene ndinali ndisanaonelepo mpila chibadwile, ndinaluzitsa timu yathunthu ya sekondale.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangochoka kwathu ku Sandwe, Daliso ali kumsana. Amuna anga anali ophika pa sukulu ina yogonela konko, kufupi ndi boma la Petauke. Manyazi anga anali odziwika: munthu wovala nsapato akandipatsa moni, ndinkayankha zala zanga za kumapazi. Zinali zaka zija sopo anasowa, zoti ukamva kuti wafika ku sitolo ya boma unkaima pamzele kuyambila m'mawa, khadi la chipani lili m'manja, n'kubwelako ndi machesi okha. Ndiye a Chanda, aphunzitsi a masewela ochokela ku Kasama, atandipatsa ntchito yochapa majezi a timu, ndinaona kuti Mulungu wandikumbuka. Mwezi uliwonse ankandipatsa mtanda wa sopo, ndipo kotsalako n'komwe ndinkachapila matewela a Daliso. (Amene sanachapepo thewela ndi phulusa asandiweluze.)

Mvula itatha, mipikisano ya masukulu inayandikila. Tsiku lina masana, ndikukapeleka majezi, ndinapeza a Chanda, amuna anga ndi aphunzitsi ena awili pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa khichini, akulimbana ndi pepala la masewela a chaka chimenecho. Ankalosela imodzi ndi imodzi. A ku Nyimba, omwe ankabwela poyamba, amuna anga anati tiwachinya chimodzi, chifukwa nambala 9 wathu wapeza mphamvu ndi nyemba zimene iwo amaphika. Za a ku Katete anati tidzalephelana nawo, pakuti wapagolo wawo ali ndi ndevu ndipo wakhala fomu imodzi zaka zitatu. Za a ku Chipata panalibe mkangano: kumeneko anyamata akangopita kukaona tauni.

Ndinaika mtolo pansi mwakachetechete kuti ndizipita. Koma Abemba ndi ife a kum'mawa ndife achimbuya, timanyozana osakwiyitsana, ndipo a Chanda sankandilola kudutsa osandiputa.

"Anyina Daliso, inu a kuno mumadziwa una umene muli mbewa musanakumbe. Tiuzeni, a Nyimba tiwachita bwanji?"

Ndikanangoseka n'kuchoka. Koma pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinanena, maso ali pansi, kuti a Nyimba tiwachinya zitatu, a Katete ziwili, ndipo a Chipata omwewo akalila. Anaseka mpaka mphunzitsi wina kutsamwa tiyi. A Chanda analemba mawu anga papepala n'kukakhoma pa bolodi ya sukulu. Pofika tsiku lotsatila, mwana wa sukulu aliyense ankandiitana kuti Amai a Zitatu.

Komatu sindinalankhule zopanda mutu. Atate anga anali kapaso, mthenga woitana anthu ku milandu, wa khoti kwathu. Khaki yawo amai ankaiika sitachi wa chinangwa, n'kuisita mpaka mzele wa kabudula kuthwa ngati mpeni. Akatulukila pa njinga, amuna akuluakulu ankavula zipewa asanamve n'komwe kuti mlandu ndi wa ndani. Ndinakula ndikudziwa kuti chovala chouma chimaopsa. Tsono majezi a timu yathu anali olefuka ngati chibwabwa chogonela, masamba a maungu aja, ndipo ine ndinali nditaona kale kuti n'chifukwa chake anyamatawo ankaluza. Munthu angakuope bwanji utavala chibwabwa?

Lachinayi ndinasenda chinangwa, kuchisinja, kufinyila pansalu, n'kudikila kuti zoyela zikhale pansi. Kenako ndinathilamo madzi owila mpaka zinakhala ngati phala la mwana. Amai ankathila chikho chimodzi m'beseni. Ine, poganiza zigoli zitatu, ndinathila zikho zitatu. Ndinaviika majezi, makabudula, ndi masokosi omwe. Lachisanu ndinasita tsiku lonse ndi nsimbi ya malasha, makala aja. Nditatenga kabudula mmodzi n'kumuika pamphasa, anaima yekha ngati muli munthu. (Apa wanzelu akanakhala pansi n'kuganiza. Ine ndinaomba m'manja.) Sindinauze aliyense, ngakhale amuna anga. Ndinkafuna adabwe.

Loweluka lole ya ku Nyimba inafika. Bwalo linadzaza, ndipo a Tcheyamani a chipani anawaikila mpando kutsogolo. Ine ndinabisala kuseli kwa mtengo wa bulugamu, Daliso ali kumsana. Anyamata athu analowa pang'onopang'ono, ali njo, zovala zikulila kuti phwa, phwa. Anthu anaomba m'manja. A Tcheyamani anaimilila n'kunena kuti achinyamata amene dziko likufuna ndi amenewa. A ku Nyimba anangoti kukamwa yasa. Mumtima ndinati, mwaona?

Wezulo analila. Nambala 9 anayesa kuthamanga, koma mzele wa kabudula unkamucheka m'ntchafu, ndiye anayamba kuyenda chotangadza ngati mwana thewela likalema. Anzake chimodzimodzi. Wapagolo wathu anafuna kuwelama, jezi inakana, ndipo mpila unamudutsa pakati pa miyendo iye akuuyang'ana ngati mlendo wopita kwina. Kenako kunabwela thukuta. Sitachi uja anasungunuka n'kubwelela kukhala phala, fumbi lofiila la m'bwalo n'kumamatilila. Amene wagwa ankadzuka ndi udzu ndi timitengo thupi lonse. Pofika nthawi yopuma zigoli zinalidi zitatu, koma zonse m'golo lathu. Mwana wina wa sukulu anakuwa kuti Amai a Zitatu sananame, angosokoneza golo.

A Chanda anagwila nambala 9 paphewa, dzanja linamatilila. Anaitana amuna anga, omwe sankadziwa kanthu, angoti maso mwaa. Ndili kuseli kwa mtengo ndinamva a Chanda akunena kuti kuyambila tsiku lomwelo anyamata azichapa okha, ndipo sopo azikhala ku ofesi. Nditamva dzina la sopo, manyazi anathawa. Ndinatuluka, ndinadutsa pamaso pa anthu onse aja, n'kukagwada.

"Ndine, bambo. Ndinaika sitachi. Ndinafuna aziopsa ngati atate."

"Aopsadi, ine amene ndaopa," anatelo a Chanda. "Nanga tsopano avale chiyani, mbuya? Masaka a nyemba?"

Ndinawauza kuti sitachi amaopa madzi, ndipo kukhichini kuli dilamu lodzaza. Sindinadikile yankho. Ndinamasula Daliso n'kumupatsa awisi ake, ndinatenga ndowa, n'kulamula anyamata khumi ndi mmodzi kuti aime pamzele. Ndinkawakhuthulila madzi kumutu ali chivalile, ndikukuwa kuti tikita, finya, tembenuka. Madzi ankatsika oyela ngati otsukila mpunga. Amuna anga amati tsiku limenelo ndi pomwe anadziwa kuti mawu anga amafika patali.

Anabwelela m'bwalo akudontha ngati nkhuku za pamvula, koma miyendo inamasuka. Nambala 9 anachinya chimodzi, kenako china. Ine ndinaiwala mtengo wanga uja, ndinali m'mbali mwa bwalo ndikuthamanga ndi ndowa m'manja. Chachitatu chinagunda mtengo wa golo, ndipo wezulo analila. Tinaluza zitatu kwa ziwili.

Sondo sindinapite kutchalitchi, ndinati mutu ukuwawa. Kasopo kanga kotsala kanali kochepa ngati bokosi la machesi, ndipo ndinkangokayang'ana. Lolemba m'mawa ndinaona a Chanda akubwela okha, atasenza mtolo. Anautula pakhomo, unalila ngati njelwa. Anati anyamata ayesa kuchapa koma zawakanika, ndiye amene anaphika phalalo alidye yekha. Anatulutsa mtanda wa sopo m'thumba n'kuugwila m'mwamba, osandipatsa kaye.

"Chinangwa ndi chakudya, anyina Daliso. Mwamva?"

"Ndamva, bambo."

Anandipatsa. Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kusolola m'khwapa suti yawo ya safali. Anati Lachinayi kukubwela woyendela masukulu, munthu wovuta kwambili, ndipo akufuna kuoneka ngati atate anga aja.

"Iyi yokha," anatelo chonong'ona. "Koma chikho chimodzi."

Chaka chimenecho a ku Katete tinalephelana nawo, ndipo ku Chipata anyamata anakaonadi tauni. Zolosela ndinazisiyila amuna a pansi pa mango. Matewela a Daliso anapitiliza kununkhila sopo mpaka anayamba kuyenda. Koma kunena zoona, mpaka lelo sindinavomele kuti nzelu yanga inali yolakwika yonse. Wezulo asanalile, panalibe timu m'chigawo chonse cha kum'mawa yooneka bwino ngati yathu. Cholakwika chinali chimodzi: palibe anandiuza kuti mpila sasewela ataima ngati kapaso.